Chakakamira pati? Kufufuza chinthu chimene munthu wameza

Mwana wa zaka ziwiri akangosiya kudya mwadzidzidzi, dovu lili chuu pachibwano, kukana ngakhale phala limene amalililira m'mawa uliwonse, mayi asathamangire kunena kuti ndi malungo. Ayang'ane kaye pomwe mwanayo amasewera. Chiyambire pa 1 January 2013, pamene Zambia inasintha ndalama n'kubwezanso makobidi a 5, 10 ndi 50 ngwee komanso K1, tizitsulo timeneti tili ponseponse: pamphasa, pawindo, m'mfundo ya chitenje. Ndipo mwana wamng'ono chilichonse amachiyesa ndi pakamwa.

Kukhosi kuli njira ziwiri. Yakutsogolo ndi ya mpweya, yakumbuyo ndi m'mero, modutsa chakudya. Funso loyamba ndi lakuti chinthucho chalowa iti. Wotsamwa amene akulephera kulira kapena kutsokomola, milomo ikuda, watsekeka njira ya mpweya, ndipo zimenezo sizidikira galimoto: muweramitseni, mum'menye pakati pa mapewa kasanu. Nsawa, zimene kuno timalima kwambiri, zimakonda njira imeneyi, ndipo kansawa kotsikira m'mapapo kangam'siye mwana akutsokomola masabata angapo ngati wa chifuwa wamba.

Akapuma bwino koma kumeza kukukanika, nkhani ili m'mero. Mwa munthu wamkulu m'mero ndi wotalika pafupifupi masentimita 25, ndipo umapanikizika malo atatu: pamwamba penipeni, kuseri kwa kholingo, pakati pa chifuwa, pomwe umapingasana ndi mtsempha waukulu wochokera kumtima, ndi pansi, polowera m'mimba. Makobidi ambiri a ana amaima pamwambapo. Wamkulu akaloza ndi chala pakhosi kuti "chili apa", nthawi zambiri amakhoza. Akaloza pachifuwa sitim'khulupirira kwenikweni, pakuti ululu wa m'munsimo umasocheretsa.

Munthu wa ku Vubwi, boma la m'malire a Malawi ndi Mozambique lomwe linadulidwa ku Chadiza, vuto likakula amatumizidwa kutali, monga ku Chipata Central Hospital kapena ku St Francis ku Katete, chipatala cha mishoni chimene chinayamba mu 1948. Kumeneko amam'jambula ndi X-ray kawiri, chakutsogolo ndi cham'mbali, kuyambira pakhosi mpaka pamimba. Khobidi lili m'mero kawirikawiri limaoneka lathunthu ngati mwezi pa chithunzi chakutsogolo. Koma dokotala wochenjera sakhutira ndi mwezi woyerawo, amayang'anitsitsa m'mphepete mwake. Akaona mikombero iwiri, wina mkati mwa unzake, limenelo si khobidi, ndi kabatire kozungulira ka wotchi, katochi kapena chidole. Khobidi lingadikire maola angapo. Batire ayi. Likakhudzana ndi mnofu wonyowa limatulutsa mphamvu ya magetsi yomwe imapanga mankhwala owotcha ngati soda, ndipo m'maola awiri okha m'mero umayamba kupsa. N'chifukwa chake madokotala amalangiza kuti mwana wopitirira chaka chimodzi amene wameza batire, ngati akutha kumeza, azipatsidwa uchi timasupuni tiwiri mphindi 10 zilizonse ali pa ulendo wa kuchipatala, osapitirira kasanu ndi kamodzi. Uchiwo ungochepetsa kupsako. Batire lichokabe lero lomwe.

Anthu amaikhulupirira X-ray mopyola muyeso. Imaona chitsulo ndi fupa lolimba. Pulasitiki, nsawa, nthuli ya nyama ndi minga yambiri ya nsomba zimaidutsa osaoneka. Chithunzi chopanda kanthu sichitanthauza kuti m'mero mulibe kanthu. Munga wa mlamba nthawi zambiri umabaya timinofu tam'mbali mwa kukhosi kapena kutsinde kwa lilime, pomwe tochi ndi kopanira zimakwanira. Ukatsika, pamafunika chubu chokhala ndi nyali kuti auone ndi maso. Luso limeneli analikulitsa ndi Chevalier Jackson, dokotala wa ku America amene anamwalira mu 1958. Zinthu zoposa 2,000 zimene anazichotsa mwa odwala, mapini, misomali, mabatani, zikusungidwa mpaka pano ku Mütter Museum mumzinda wa Philadelphia.

Nanga mbamu ya nsima ija agogo amati timeze yosatafuna munga ukatibaya? Nthawi zina munga umakhala utapita kale, chatsala ndi chilonda chokanda, ndiye mbamu imatamandidwa pachabe. Munga ukakhala kuti ulipodi, mbamuyo imaukhomera mkati. M'mero ukabooka munthu amatentha thupi, khosi limatupa, ndipo ukalisindikiza khungu limalira ngati masamba ouma. Apo matenda akhoza kukhala atalowa kale m'chifuwa.

Ponyamuka kupita kuchipatala musam'dyetse wodwalayo, kupatula uchi uja ngati wameza batire, poti mwina adzagonekedwa ndi mankhwala. Kumbukirani ola limene anameza. Ngati chinzake cha chinthucho chilipo, khobidi lofanana, batire lotsala m'paketi kapena chidole chomwe lachokamo, chitengeni mukaonetse anamwino.