Mankhwala a malungo akuyesedwa pa matenda a chuku

Ife olima fodya kuno ku Kasungu chuku timachidziwa. Mvula ikanyanya, fodya m'chigafa amachita chuku. Inunso a kunyanja mumachiona pa usipa umene sunaume bwino pa thandala. Koma abale ake a chuku amakhalanso pa munthu. Zipere za ana athu ndi zomwezo. Woopsa kwambiri ndi wotchedwa Cryptococcus. Timamupuma ndi mpweya, ndipo mwa munthu amene chitetezo chatsika, makamaka wa HIV amene wasiya ma ARV, amakafika ku ubongo. Mutu umawawa masabata, khosi limauma, mwina munthu n'kuyamba kubwebweta.

Mankhwala a matenda otere ndi ochepa, odulanso. N'chifukwa chake ofufuza akubwerera ku mankhwala a malungo, poti mlingo wake ndi zovuta zake zimadziwika kale. Kwina zinatheka. Primaquine, akamuphatikiza ndi clindamycin, madokotala amachiza naye chibayo cha Pneumocystis, amenenso ndi wa mtundu wa chuku, ngati Bactrim wakanika kapena sakumuyanja wodwala.

Achikulire anzanga mukukumbukira chloroquine, wowawa uja, woyabwitsa thupi. Boma linamusiya mu 1993 malungo atamuzolowera. Ameneyu ndi mefloquine anaonetsa mphamvu yofooketsa Cryptococcus, koma m'labotale. Mbale ya m'labotale si mutu wa munthu, abale. Mbewu yokongola pa nazale siinafike ku okushoni.

Chimene chinatsimikizika pa odwala enieni si mankhwala a malungo ayi. Kafukufuku wa AMBITION, amene anachitika m'maiko asanu, kuno kwathu ku Queen Elizabeth ku Blantyre ndi Kamuzu Central ku Lilongwe, anapeza kuti diripi imodzi yamphamvu ya amphotericin, pamodzi ndi mapiritsi a flucytosine ndi fluconazole kwa masiku 14, imathandiza mofanana ndi madiripi a sabata yathunthu, ndipo siivulaza thupi kwambiri. Bungwe la WHO linavomereza njirayi mu 2022.

Ndalemba izi chifukwa nkhani ikafika pamsika imasintha. Mawa mumva wina akuti LA amachiza zipere ndi mutu wosatha. Sachiza. Chloroquine ukapyoza mlingo amaimitsa mtima, mwana mapiritsi ochepa chabe. M'bale wa HIV akamadandaula mutu masiku angapo, ayezedwa malungo osapezeka, musamugulire LA pa okala. Mutengereni kuchipatala chachikulu cha boma lanu tsiku lomwelo, ndipo mukawauze adokotala ngati anadukiza ma ARV, musabise.