Okonza Mawotchi a Kalendala m'Misika ya Machinga ndi Balaka

Ntchito yokonza mawotchi m'misika ya Ntaja, Liwonde ndi Balaka, kumene anthu a m'mphepete mwa nyanja ya Chiuta amakagula katundu, imagwiridwa ndi amisiri ochepa amene amakhala pakhonde la sitolo ali ndi kathebulo, kabokosi kagalasi, timasikuludilaiva ndi kagalasi kokuzira zinthu kopanikiza padiso. Lusoli amapatsirana pamanja, wophunzira kuyang'anitsitsa zimene mkulu akuchita kufikira tsiku limene adzaloledwe kutsekula wotchi ya mwini.

Ntchitoyi inakula limodzi ndi maulendo a ku Joni, chifukwa mwamuna wobwera kumigodi ankadziwika ndi njinga, wailesi ndi wotchi yapamkono. Dr. Kamuzu Banda analetsa kampani ya Wenela kulemba anthu opita kumigodiko mu 1974, ndege itagwa ku Francistown n'kupha Amalawi oposa 70. Kulembako kunayambiranso mu 1977 pansi pa kampani ya TEBA, n'kudzatheratu mu 1988. Mwa mawotchi a nyengo imeneyo, yotchuka inali Seiko 5, imene inayamba kupangidwa ku Japan mu 1963: siifuna batire, popeza kugwedezeka kwa mkono ndiko kumakunga sipuling'i yake, ndipo imasonyeza tsiku la mwezi ndi la sabata pakazenera kamodzi.

Pakazenera pameneka ndi pamene pagona luso lenileni. Kuseri kwa nkhope ya wotchi kuli kambale kolembedwa manambala kuyambira 1 mpaka 31, ndipo kagudumu kamene kamazungulira kamodzi pa maola 24 kamakankha kambaleko ndi dzino limodzi pakati pa usiku. Popeza kambaleko sikasiyanitsa miyezi, mwini wotchi amayenera kusuntha tsiku ndi dzanja kasanu pachaka, pakutha pa February, April, June, September ndi November. Vuto limabwera munthu akakakamiza tsikulo usiku, mivi ili pakati pa 9 koloko ndi 3 koloko, pamene mano alumana kale, chifukwa dzino limathyoka. Mmisiri wa pamsika alibe koitanitsa dzino latsopano, choncho amasunga mawotchi akufa m'kachitini n'kumachotsamo zipangizo zotsitsimutsira amoyo, ndipo kudziwa kuti kagudumu kakuti kangalowe m'wotchi yakuti ndi nzeru ya zaka zambiri, yoyenera ulemu woposa umene imalandira.

Ku Ulaya, makina a mtundu womwewu ndiwo amasangalatsa anthu olemera osonkhanitsa mawotchi akale. Rolex inatulutsa Datejust mu 1945 ndi Day-Date mu 1956, pamene Royal Oak ya Audemars Piguet, ya 1972, ndi Nautilus ya Patek Philippe, ya 1976, zonse ziwiri zojambulidwa ndi Gérald Genta, zinasandutsa wotchi yachitsulo ya masewero kukhala chinthu chamtengo wapatali. Pamwamba pa zonse pali kalendala yosatha, ndiye kuti makina amene amazindikira okha kutalika kwa mwezi uliwonse ngakhalenso February wa masiku 29, moti sadzafuna dzanja la munthu mpaka chaka cha 2100. Osonkhanitsawa amafuna wotchi yosakhudzidwa, ya nkhope yake yoyamba ngakhale itafumbira, ndipo wotchi yopukutidwa kwambiri kapena yoikidwa zipangizo za inzake amaitsitsa mtengo. Mmisiri wa ku Machinga amachita zosiyana kotheratu, ndipo sakulakwa, pakuti wom'bweretsera wotchi ya malemu bambo ake akufuna kuti iyende, imuuze nthawi ya swala kapena ya sitima yopita ku Nayuchi.

Chimene chafooketsa ntchitoyi ndi wotchi ya batire ya mtundu wa quartz, imene Seiko yemweyo anayamba kugulitsa mu December 1969, komanso foni yam'manja imene imasonyeza tsiku popanda woichuna. Lero zambiri zimene zimafika pathebulo ndi kusintha batire, lamba kapena galasi, ntchito ya mphindi zochepa ndi ndalama zochepa, kotero kuti achinyamata amene akanaphunzira kumasula kambale ka kalendala akutembenukira kukukonza mafoni, ndipo mawotchi a ku Joni otsala m'masutikesi akusowa wowatsekula.