Amisiri a Kabuleta: Ntchito Yoyezedwa ndi Mamilimita

Pansi pa kabuleta ya njinga yamoto pali kambale kachitsulo kosungira petulo asanalowe mu injini. M'kambalemo mumayandama kachipangizo kamene amakaniko amati fuloti, ndipo fulotiyo imakankha kasingano kotseka njira ya mafuta ochokera m'thanki. Kagwiridwe kake ndi konga ka mpira wa m'thanki ya chimbudzi chamadzi: mafuta akachepa fuloti imatsika, njira imatseguka, akadzaza imakwera n'kutseka. Pamene petulo amalekezera m'kambalemo ndi pamene pagona umoyo wa injini. Akapitirira kapena kuperewera ndi mamilimita awiri okha, njinga imasintha khalidwe. Pakati pa okonza njinga zamoto, odziwa kulinganiza mlingo umenewu ndi ochepa, ndipo anzawo amawadziwa.

Mwini njinga safika pagalaja n'kunena kuti fuloti yasokonekera. Amati, "Bwana makaniko, njingayi ikumwa mafuta ngati galimoto," kapena, "Ndikafika pamtunda ikumadula moto." Mmisiri wodziwa amayamba wamasula pulagi. Ikakhala yakuda ndi mwaye, utsi nawo uli wakuda, kapaipi ka pansi pa kabuleta kakudontha, ndiye kuti mafuta akuchuluka. Pamenepo ndalama zikuthera pansi, ndiponso petulo wopyola muyezo amatsuka oyilo m'silinda, injini imadyeka msanga, osanena za ngozi ya moto. Pulagi ikayera mbuu, njinga ikumatsamwa pothamanga, mafuta akuchepa ndipo injini ikutentha. Pa injini zosakaniza petulo ndi oyilo, monga Yamaha DT125, Yamaha AG100 ndi Suzuki TF125 zimene alangizi a zaulimi ndi antchito a mabungwe akhala akuyendera m'midzi, kuchepa kwa mafutaku kumatha kubowola pisitoni.

Kuyeza kwake kumafuna dzanja lofatsa. Mmisiri amatseka kampopi ka thanki, amachotsa kabuleta, amamasula kambale kaja. Kenako amapendeketsa kabuletayo pang'onopang'ono mpaka kalilime kachitsulo ka fuloti kangokhudza kamutu ka singano. Kamutuko kali ndi sipuling'i mkati, choncho akaitembenuza yonse chadodolido, kulemera kwa fuloti kumakanikiza sipuling'iyo ndipo muyezo umanama. Akapeza malo oyenera amayeza ndi rula yachitsulo kuchokera pamene pamakhala gasiketi kufika pamsana pa fuloti. Njinga iliyonse ili ndi nambala yake m'buku la opanga. Honda CB750 imene inatuluka mu 1969 imafuna mamilimita 26, ndipo ili ndi makabuleta anayi amene onse ayenera kufanana. Muyezo ukalakwika amapinda kalilime kaja pang'ono chabe, n'kuyezanso. Apa ndi pamene anyamata ophunzira amasochera, chifukwa nambala ikakula mafuta m'kambale amatsika, ikachepa mafuta amakwera. Kuona maso a nkhono n'kudekha. Wopupuluma amathyola kalilime kapena kupinda fuloti yonse.

Buku likasowa pali njira ina. Amalumikiza kapaipi koonekera mkati pa bowo lotayira mafuta, amakapinda kuloza m'mwamba pambali pa kambale, n'kutsegula mafuta. Petulo amakwera m'kapaipimo kufika pa mlingo womwe ali nawo mkati, diso limadzionera lokha. Njingayo iyenera kuima chilili pamalo osalaza, apo ayi kapaipi kanamanso.

Njinga zakale za ku Britain, monga Triumph, BSA ndi Norton, zili ndi khalidwe lawo. Zambiri zinkabwera ndi makabuleta a Amal, kampani imene inayamba ku Birmingham m'zaka za m'ma 1920. Mtundu wa Concentric wa mu 1967 unali ndi fuloti yapulasitiki yopanda kalilime kopinda, motero mmisiri ankatenthetsa kambale n'kugogoda mpando wa singano kuti usunthe pang'ono, mpaka fuloti itakhala pafupifupi mamilimita awiri kunsi kwa mlomo wa kambale. Makabuleta amenewa alinso ndi kabatani komizira fuloti dala kuti mafuta asefukire polizira injini m'mawa kukuzizira. Ku Britain, Japan ndi America alipo amisiri amene ntchito yawo yonse ndi kutsitsimutsa makabuleta a Amal, Keihin ndi Mikuni: amawalandira pa positi, kuwatsuka, kuwayeza n'kuwabweza kwa eni ake osunga njinga zakale. Kumeneko luso ili lasanduka la apatali chifukwa njinga zatsopano zimathira mafuta mu injini molamulidwa ndi kompyuta.

Kwathu kuno nzeru yakaleyi ndi ya tsiku ndi tsiku. Honda inatulutsa CG125 mu 1975, itaikonzera dala mayiko amene misewu ndi yafumbi ndipo njinga siziona galaja kawirikawiri. Njinga zambiri za ku China zimene akabaza amayendetsa zinatengera injini imeneyo, pamodzi ndi kabuleta yake. Choncho makaniko wa ku Ndirande, ku Biwi kapena pansi pa mtengo wa mango pa msika wa kumudzi amagwira tsiku lililonse chipangizo chimene kwina amachiona ngati cha makolo.

Mavuto ake nawo ndi akwathu. Petulo wogula m'zigubu ndi m'mabotolo amabwera ndi zinyalala, ndipo kamchenga kamodzi kakakhala pa mpando wa singano mafuta amasefukira ngakhale fuloti ili pamalo pake. Dziko la Malawi linayamba kusakaniza petulo ndi ethanol mu 1982, pamene fakitale ya ku Dwangwa inatsegulidwa, ndipo pambuyo pake inabweranso ina ku Chikwawa. Ethanol amakoka chinyezi, ndiye njinga ikakhalitsa osayenda madzi amadikha pansi pa kambale n'kudya chitsulo. Amawononganso mphira ndi pulasitiki zakale zimene sizinapangidwire mafuta otere. Nchifukwa chake mmisiri wabwino sathamangira kupinda kalilime. Amayang'ana kaye nsonga ya singano ngati yadyeka mzere wozungulira. Fuloti yachitsulo amaigwedeza pakhutu kuti amve ngati mwalowa mafuta, ndipo akakayika amaimiza m'madzi otentha. Thovu likatuluka ndiye kuti yabowoka. Fuloti yobowoka imalemera n'kumira, ndipo kuipinda n'kutaya nthawi.

Ena mwa amisiriwa anadutsa m'makoleji a ntchito zamanja monga Soche, Nasawa, Salima ndi Lilongwe, pansi pa ndondomeko ya TEVETA imene inakhazikitsidwa mu 1999. Ambiri anaphunzirira pagalaja, kuyambira kutumidwa masipanala ndi kutsuka zitsulo m'beseni la petulo. Kabuleta imabwera kumapeto kwa maphunzirowo. Bwana salola mnyamata kuitsegula asanaonetse kuti sataya tizitsulo, chifukwa kapini kogwira fuloti kakagwera m'fumbi ntchito yonse yaima. Manja a amisiriwa amakhala ong'aluka ndi petulo, ndipo ena amapemerera majeti, timabowo todutsira mafuta m'kabuleta, ndi pakamwa popanda makina a mpweya, chizolowezi chimene chimawononga thanzi mwakachetechete.

Chimene chikudya lusoli ndi kabuleta yotchipa ya m'sitolo. Makaniko waulesi amangouza mwini njinga kuti yatha, agule ina. Amamanga, amalandira yake, nkhani yatha. Koma nayo yatsopano nthawi zina imatuluka m'bokosi fuloti ili posayenera, ndipo pa DT125 kapena Honda XL125 yakale kabuleta yongofanana maonekedwe siigwirizana ndi injini. Yoyambirira ija, ikatsukidwa n'kuikidwa singano yatsopano, imatumikirabe zaka zambiri. Wakabaza amene amawerengera phindu la tsiku pa malita amene wathira amaimva msanga ntchito yotere m'thumba. Wofuna kudziwa ngati wafika kwa mmisiri weniweni aone chimene achite akangotsegula kambale: ngati ayala kansalu koyera poikapo tizitsulo, n'kutulutsa rula asanagwire pulayala, njinga ili m'manja abwino.