KAPUKU WA MU LUSAKA NDI KACIROMBO KA LUNA

M'mwezi wa September 2008, mai wina wokhala mu Lusaka anadwala nthenda yacilendo, natengedwa pa ndeke kupita ku Johannesburg, kumene anakamwalirira. Anthu ena anai anatenga nthendayo, ndipo atatu a iwo, amene anamsamalira kapena kuyeretsa cipinda cace, anafa. Madokotala anapeza kuti cinawapha ndi kacirombo kosaoneka ndi maso, ka mtundu wa vairasi, nakacha dzina lakuti Lujo, kucokera ku maina a mizinda iwiri ija.

Abale ace a kacirombo kameneka amakhala m'matupi a mbewa. Ndico cifukwa cace m'caka ca 2009 akatswiri a pa University of Zambia, pamodzi ndi anzao a ku Hokkaido m'dziko la Japan, anachera misampha mu Lusaka, ku Namwala ndi ku Mfuwe. Lujo sanampeze. Koma mwa kapuku, mbewa ija ya mawere ambiri imene tonse tiidziwa, anapezamo kacirombo kena katsopano, nakacha Luna, ndiko kuti Lusaka ndi Namwala. Pambuyo pace anapeza mitundu inanso ya tizirombo, ngakhale mwa swiswiri amene palibe munthu amudya.

Codabwitsa ncakuti kapuku wosunga kacirombo kotere saoneka wodwala. Awiriwa akhalira limodzi mibadwo yosawerengeka, kacirombo nkumasintha pang'onopang'ono pamene kacoka mwa mbewa imodzi kulowa mwa inzace, kufikira anazolowerana. Kapuku yemweyo ku Nigeria asunga mbale wace wa Luna wochedwa Lassa, amene anadziwika m'caka ca 1969 ndipo amapha anthu caka ndi caka. Luna sanapezekepo ndi mlandu wodwalitsa munthu, koma banja lace si lakuseka nalo.

Inu a kumudzi mungati zimenezi nza m'tauni. Iai. Kapuku sadziwa malire a munda ndi nyumba, ndipo matumba a cimanga ocokera kwanu ndiwo afika ku Kanyama, Cawama ndi George. M'makomboni amenewa nyumba nzothithikana, zinyalala zimaunjikana, ndipo mvula ikadzaza maenje, mbewa ndi makoswe amathawira m'nyumba momwe muli ufa. Tizirombo ta banja ili timatuluka m'mikodzo ndi zitosi za mbewa, ndipo munthu angatitenge pa cakudya cosabvundikira, pa fumbi la posesa, kapena pa bala la m'dzanja.

Sitinena kuti mtundu wathu uleke ndiwo yace. Moto umapha tizirombo timeneti, ndipo mbewa yophika bwino ndi kuumika si ndiyo yoopsa kwambiri. Ngozi iri pa kukumba, kugwira ndi kutumbula, nchito imene kawirikawiri timaisiyira ana. Mwana wa bala asatumbule mbewa, wotumbula asambe m'manja ndi sopo, ndipo mbewa yopezeka itafa yokha ikwiriridwe. Posesa m'nkhokwe kapena m'cipinda ca matumba, yambani mwawaza madzi kuti fumbi lisabuke.