Kodi dzina la mdzukulu wanu linalembedwa kuti?

Kuwerenga kwathu: Ezara 2:59-62, Rute 4:1-12, Machitidwe 22:25-29

Abale ndi alongo, amene tinatumikirapo m'chigwa cha Henga m'boma la Rumphi tikudziwa kuti kuchokera ku Phwezi kukafika ku Mhuju n'kovuta kupeza banja lopanda mtchona. Sukulu za mishoni ya Livingstonia, imene inakhazikika ku Khondowe mu 1894, zinatulutsa anyamata odziwa kulemba ndi kuwerenga, ndipo ambiri a iwo anakagwira ntchito ku Bulawayo, ku Harare, ku migodi ya ku Zambia ndi ku Joni. Ena anapita ndi Wenela, kufikira mu 1974 pamene ndege inagwa ku Francistown n'kupha Amalawi oposa 70, boma n'kuimitsa ulendowo. Ena anabwerako ndi njinga ndi masutikesi. Ena anakwatira komweko, nabala ana, naikidwa komweko.

Ana ndi adzukulu a anthu amenewa akubwera kumudzi masiku ano. Amafika pamaliro kapena pomanga chiliza, amfumu n'kuwalandira, azakhali n'kuwalozera manda a agogo awo ndi munda umene ankalima. Mudzi wonse umavomera kuti mwanayu ngwathu. Koma akapita kukafuna chiphaso cha unzika, mafunso a kumeneko ndi ena: munabadwira kuti, ndipo umboni wakuti kholo lanu linali Mmalawi uli kuti? Nkhope yofanana ndi ya agogo siyankha mafunso amenewa.

Vutoli ndi lakale. Buku la Ezara likutiuza za mabanja ena amene anabwerera kuchokera ku ukapolo wa ku Babulo koma analephera kuonetsa mzera wa makolo awo. Ena mwa iwo anali a banja la ansembe. Maina awo atafunidwa m'kaundula osapezeka, anachotsedwa pa utumiki. Anayenda ulendo wonse pamodzi ndi anzawo, koma kusowa kwa dzina m'buku kunawamana gawo lawo.

Zoterezi zinaonekanso ku Zimbabwe. Lamulo la unzika litasinthidwa kumeneko mu 2001, anthu ambiri obadwira m'dzikomo amene makolo awo anachokera ku Malawi, Mozambique ndi Zambia anayamba kuwerengedwa ngati alendo. Malamulo aakulu a mu 2013 anatsegulanso khomo kwa obadwira m'dzikomo amene kholo lawo linali nzika ya dziko la m'chigawo cha SADC, komabe amene analibe kalata ya kubadwa anapitirira kuvutika. Kumeneko ankatchedwa Amalawi, kuno kwawo n'kumatchedwa Azimbabwe.

Tsono tiyeni tidziwe zimene lamulo lathu likunena. Lamulo la unzika la mu 1966 limati mwana wobadwira kunja ndi Mmalawi ngati bambo kapena mayi ake ali Mmalawi mwa kubadwa. Apa m'pamene mabanja ambiri amapunthwa: mwana wa mtchona akhoza kukhala nzika, pamene mdzukulu, wobadwa kunja kwa kholo lobadwiranso kunja, nkhani yake imafuna kufunsira. Kale munthu wokhala ndi unzika wa maiko awiri ankayenera kusankha umodzi akakwanitsa zaka 21. Mu Disembala 2018 Nyumba ya Malamulo inasintha lamuloli kuti Mmalawi azitha kukhala nzika ya maiko awiri, ndipo ndondomeko zake zinatuluka mu 2021. Amene anataya unzika wa kuno chifukwa chotenga wa kwina ali ndi mwayi wopempha kuti abwezeredwe. Tidziwenso kuti ukwati, ngakhale wodalitsidwa m'tchalitchi, susandutsa mlendo kukhala nzika tsiku lomwelo. Mtengwa wochokera ku Tanzania kapena mkamwini wochokera ku Zambia ayenera kukhala ndi chilolezo chokhalira m'dziko muno.

Alipo Akhristu amene amaona ngati kupita kwa loya n'kuchepa chikhulupiriro. Malemba sakutero. Boazi atafuna kuombola munda wa Naomi ndi kutenga Rute, mkazi wachilendo wa ku Moabu, sanachite m'tseri. Anapita kuchipata cha mudzi, kumene milandu inkakambidwa, naitana akulu khumi kuti akhale mboni. Mtumwi Paulo nayenso, atamangidwa kuti akwapulidwe ku Yerusalemu, anatchula unzika wake wa Chiroma, ndipo ofuna kumukwapula anabwerera m'mbuyo. Munthu amene anatiphunzitsa kuti kwathu kwenikweni ndi kumwamba ankadziwa bwino lomwe ufulu wake wa pansi pano.

Nanga tipite kuti? Nkhani za mapasipoti, zilolezo ndi unzika zili m'manja mwa nthambi ya boma ya Immigration, imene ili ndi ofesi yake ya chigawo cha kumpoto ku Mzuzu. Kalata ya kubadwa ndi chiphaso cha unzika zimachokera ku National Registration Bureau, kudzera ku ofesi ya kwa DC. Nkhani ikakhala yopiringizika ndipo banja silingathe kulipira loya, kuli bungwe la boma la Legal Aid Bureau, limene linayamba ntchito mu 2015 kuti lizithandiza osauka pa nkhani za malamulo. Nalonso lili ndi ofesi ku Mzuzu. Ngati mwasankha loya wolipira, bungwe la Malawi Law Society likhoza kukutsimikizirani ngati ali ndi chiphaso chogwirira ntchito.

Chenjerani ndi madobadoba amene amakudikirani panja pa maofesi n'kumalonjeza kuti zonse zitheka mawa. Chikomekome cha nkhuyu, m'kati muli nyerere. Ndalama za fodya wa chaka chonse zikhoza kuthera m'thumba la munthu amene simudzamuonanso, ndipo chikalata chabodza chimaika mwana wanu pa mlandu umene analibe. Musasinthe chaka kapena malo obadwira pofuna chidule. Bodza lolembedwa pa fomu limatsatira munthu moyo wake wonse.

Pali ntchito imene banja lililonse lingayambe sabata ino osalipira kanthu. Khalani pansi ndi okalamba akadali moyo, mulembe amene anapita kunja, chaka chimene anapita, kumene anakwatira ndi maina a ana ake. Sungani pamalo amodzi mapasipoti akale, makalata a ukwati, a sukulu ndi a ubatizo. Akulu a mpingo asamale mabuku a ubatizo kuti chiswe chisawadye, pakuti nthawi zina dzina la kholo limapezeka m'menemo mokha. Ndipo inu amene muli ndi ana ku Joni lero, auzeni alembetse ana awo pobadwa, kuti zimene zinagwera adzukulu a matchona akale zisabwerezedwe.

Pamene mdzukulu wochokera kutali waima pakhomo panu, wosadziwa Chitumbuka ndiponso wopanda chikalata, musangomupatsa nsima ndi mphasa. Mperekezeni kwa amfumu akalembe kalata, mukwere naye minibasi ya ku Mzuzu, mukakhale mboni yake monga akulu aja anachitira pachipata. Ambuye atipatse mtima wotero. Ameni.