Kodi "steering committee" ndi komiti ya madalaivala?

Sabata yatha pa gulu la WhatsApp la m'dera lathu panabwera uthenga woti pakufunika achinyamata awiri olowa mu "steering committee" ya ntchito yokonza msika. Mnyamata wina anayankha kuti, "Ine layisensi ndilibe, mundisiye." Tonse tinaseka, koma mpaka madzulo panalibe amene anapereka dzina. Ndiye ndati ndilongosoleko liwuli, mwina enanu mukungoopa Chizungucho.

"Steer" ndi kuwongolera, kusankha kumene chinthu choyenda chilowere. N'chifukwa chake chiwongolero cha galimoto pa Chingerezi amati "steering wheel". Koma musalisokoneze ndi "drive". Tangoganizani minibasi yakana kulira pasiteji, anyamata akuikankha, thukuta lili kamukamu. Mphamvu zonse ndi za okankhawo. Dalaivala wangokhala phee mkatimo, chake n'chiwongolero basi. Koma akapotoza kumanzere, onse aja alowera kumanzere, afune asafune. Kumeneko ndiye kuchita "steer".

Liwuli ndi lakale kuposa galimoto. Ndisanasiyire panjira maphunziro a kuyunivesite (nkhani ya fizi, tisaiyambe lero) ndinawerenga kuti amalinyero akale a ku England ankawongolera ngalawa ndi nkhafi yaikulu yomangidwa kudzanja lamanja. Mpaka pano mbali ya kumanja ya sitima yapamadzi amaitcha "starboard", kuchokera ku liwu lomweli.

Mukamva wina akuti "steer clear of that guy", akukuchenjezani kuti munthuyo mumutalikire. Pomwe "steer the conversation" ndi zija amachita andale, mwawafunsa za ndalama iwo n'kukhotetsera nkhani ku mpira.

Tsono tibwerere kumsika kuja. A komiti imeneyi sanyamula njerwa, sakanda matope ayi. Ntchito yawo ndi kugamula kuti tiyambe zimbudzi kapena mashedi, ndalama zipite kuti, malipoti awone ndani. Ife tikakana kulowamo, alowamo omwe aja a masiku onse, ndipo ife tidzakhala okankha minibasi, kenako n'kumadandaula pa Facebook kuti mashedi onse atenga akuluakulu, ogulitsa kaunjika ndi mayunitsi ali padzuwa.

Ine dzina ndapereka, ngakhale njinga yomwe sinditha kupalasa bwino. Malo atsala amodzi, ndipo zingakome atalowa mtsikana, poti ambiri ogulitsa pamsikapo ndi amayi. Uja wa layisensi ndamuimbira, akuti aganiza kaye.