Cikalata ca Cisudzulo ku America: Kumene Cimasungidwa ndi Mmene Cimapezekera

Kwathu kuno, munthu akanena kuti cikwati cake coyamba cinatha, sikuvuta kutsimikiza mau akewo. Ankhoswe alipo, anyakwawa akudziwa, ndipo ngati mlandu unafika ku Local Court kapena ku High Court, munthu atha kupita kukaona m'buku. Koma masiku ano ana athu ambiri ali ku America pa maphunziro ndi pa nchito, ndipo ena akutomerana ndi anthu akomweko amene analowapo kale m'banja. Kumeneko kulibe nkhoswe woti mukamufunse. Mboni imene boma limaimvera ndiyo cikalata cocokera ku khoti limene linathetsa cikwatico.

Cikalata cimeneci si cocipeputsa. Womanga cikwati cina, coyamba cisanathe mwalamulo, amaphwanya lamulo m'ma state onse 50 a dzikolo, ndipo cikwati caciwirico cimakhala copanda mphamvu. Ofesi yoona za olowa m'dziko, USCIS, siivomera kuti mwamuna kapena mkazi atsatire mnzake ku America popanda umboni wakuti zikwati zonse zakale za awiriwo zinatha. Mai amene anakhala pabanja zaka 10 kapena kuposa, ndipo sanakwatiwenso, atha kulandira ndalama za Social Security pa dzina la mwamuna wake wakale akafika zaka 62. Ndipo zaka za banjalo zimawerengedwa kucokera pa mapepala omwewa.

Kulibe buku limodzi la dziko lonse

Wolembera kalata ku Washington angotaya nthawi yake, pakuti boma lalikulu silisunga zikalata za cisudzulo. Malamulo a banja ali m'manja mwa state iliyonse, ndipo state imagawidwa m'zigawo zochedwa county, zofananako ndi maboma athu monga Katete kapena Petauke. Zigawo zotere ziposa 3,000. Ku Louisiana amazicha parish, koma dzinali lisakusoceretseni, silinena za parishi ya Mpingo. Pa likulu la county pamakhala nyumba ya khoti, ndipo m'menemo muli kalaliki wamkulu wosunga mafaelo a milandu.

Maina a makhoti amasiyana. Ku California mlandu wa cisudzulo umakambidwa ku Superior Court. Ku Texas mafaelo ali kwa District Clerk. Wa ku Chicago afunse ku Circuit Court ya Cook County. Ku New York cisudzulo cimaperekedwa ndi Supreme Court, imene ngakhale ili ndi dzina lotere si khoti lomaliza, ndipo mafaelo ake amasungidwa kwa County Clerk.

Tsono funso loyamba ndi ili: mlanduwo unaweruzidwa mu county iti? Kawirikawiri ndi kumene mmodzi wa awiriwo anali kukhala pa nthawi ya mlandu, osati kumene cikwati cinamangidwira. Koma ena amakasudzulana kutali. Mu 1931, state ya Nevada inalola kuti mlendo amene wakhalako milungu 6 yokha apemphe cisudzulo, ndipo kwa zaka zambiri anthu ocokera m'madera onse anali kukhamukira ku mzinda wa Reno. Mapepala ao ali ku Washoe County, ngakhale eni ake anabwerera kwao mlandu utangotha.

Ngati county siidziwika, ofesi ya state yosunga kaundula wa kubadwa ndi imfa ingathandize, koma pa zaka zina zokha. Ya ku Florida ili ndi mbiri kuyambira June 1927, ya ku New York kuyambira 1963, ya ku Texas kuyambira 1968. Ya ku California ili ndi zaka zapakati pa 1962 ndi June 1984 basi. Maofesi amenewa amangotsimikiza zimene analembetsa. Ciweruzo ceniceni cili ku khoti.

Dziwani pepala limene mufuna

Pali zinthu zitatu zimene anthu amasokoneza. Coyamba ndi setifiketi, pepala lalifupi lochula maina a awiriwo, tsiku ndi malo. Caciwiri ndi ciweruzo ca woweruza, cochedwa decree kapena judgment, cimene cimafotokoza amene adzasunga ana, kagawidwe ka cuma, ndalama za cithandizo, ndiponso ngati mkazi wabwerera ku dzina la kwao. Cacitatu ndi faelo yonse, mmene muli madandaulo, mayankho ndi maumboni. Musanalipire ndalama, funsani ofesi imene ikufuna umboniyo kuti ifuna citi. Funsaninso ngati ifuna kope yotsimikizika, ndiko kunena yokhala ndi cidindo ca khoti ndi siginecha ya kalaliki, popeza maofesi ena salandira fotokope wamba.

Pepalalo likafika, yang'anani ngati ciweruzoco ndi comaliza. Odziwa za High Court yathu akumbuka kuti pamayamba decree nisi, ndipo cikwati cimatha pokhapokha patatuluka decree absolute. Ku Massachusetts kuli mwambo womwewo: pamapita masiku 90 ciweruzo cisanakhale comaliza. Ku California cikwati sicingathe isanakwane miyezi 6 kucokera tsiku limene woitanidwa ku khoti analandira cisamani. Palinso amene anangokadandaula ku khoti, mlandu osaumaliza, nayamba kudziyesa mbeta. Pepala loonetsa kuti mlandu unayamba si umboni wakuti cikwati cinatha.

Kapemphedwe kake

Kalaliki adzafuna maina onse a mwamuna ndi mkazi monga analembedwera pa nthawi ya mlandu, dzina la mkazi asanakwatiwe, caka ca ciweruzo, ndiponso nambala ya mlandu ngati ilipo. Nambalayi imafupikitsa nchito kwambiri. Ngati palibe, makhoti ambiri ali ndi mndandanda wa milandu pa intaneti, pamene munthu angaifufuze polemba dzina. Ena amalipiritsa kuti kalaliki afufuze yekha.

Mungapemphe popita nokha ku khoti muli ndi citupa canu, polemba kalata, kapena pa intaneti kumene njirayi ilipo. Malipiro amasiyana county ndi county, ndipo nthawi zambiri amawerengedwa pa tsamba lililonse, kuonjezapo mtengo wa cidindo. Olembera kalata amauzidwa kuikamo money order ndi envulopu yolembedwa keyala yao, yokhala ndi sitampa ya ku America. Cifukwa cace, wokhala ku Zambia acita bwino kutuma mbale amene ali komweko, kapena loya. Cenjeraninso ndi makampani a pa intaneti olonjeza kupeza mbiri ya munthu aliyense. Zimene amagulitsa si cikalata ca khoti. Faelo yakale ingakhale itasamutsidwira ku nyumba yosungira mapepala, kapena itajambulidwa pa microfilm, ndipo pamenepo pafunika kudekha.

Ndani aloledwa kuona

M'ma state ambiri faelo ya cisudzulo ndi yapoyera, ngakhale manambala a Social Security ndi a ku banki amabisidwa, ndipo woweruza atha kutseka mbali yokhudza ana. Ku New York lamulo ndi lolimba: faelo imatsekedwa zaka 100, ndipo oiona ndi eni ake ndi maloya ao okha, pokhapokha khoti litalamula. Komabe munthu wina aliyense atha kupempha certificate of disposition, pepala longonena mmene mlanduwo unathera.

Njira yapafupi koposa zonse ndiyo kupempha mwini wake kuti atenge yekha kope ya cidindo. Khoti silingamukanize, ndipo woona mtima sakhumudwa ndi pempho lotere. Wina akapeza faelo yonse, akumbukire kuti m'menemo muli mabala a anthu ndi maina a ana. Waitenga kuti adziwe coona, osati kuti akhale ndi nkhani yokamba pa citsime.

Mbali ya Eklezia

Kwa Akatolika, cikalata ca khoti cimathetsa cikwati pamaso pa boma pokha. Lamulo la Eklezia, pa nambala 1085, limati womangidwa ndi cikwati coyamba sangamange cina, ndipo Eklezia amalemekezanso cikwati ca anthu awiri amene si Akatolika mpaka zitatsimikizika kuti sicinali coona. Wofufuza zimenezi ndi khoti la dayosizi, ndipo ku America makhoti amenewa kawirikawiri amafuna kope ya ciweruzo ca cisudzulo asanayambe mlandu. Mu 2015, Papa Francis anafewetsa ndondomekoyi kotero kuti ciweruzo cimodzi cimakwanira ngati palibe wocita apilo, koma kufufuzako kumatengabe nthawi.

Motero makolo ndi ankhoswe asafulumire kulandira cimalo kapena kuchula tsiku la cikwati mapepala asanaoneke. Mwana wanu ayambe wapita kwa bambo mfumu wa parishi yake ali ndi cikalata ca khoti m'manja, amve zimene zatsala. Akulu anati safunsa anadya phula.